Yisiti imakoka chitsulo m'chakumwa, koma siingatsuke mgolo wadzimbiri

Wogulitsa zakumwa zopanga yekha amatha kutaya katundu wa sabata yonse chifukwa cha chinthu chimene sachiona ndi maso. Vinyo wa chinanazi amene anali woyera mbee pothira m'mabotolo amachita mbuu pakapita masiku awiri. Vinyo wa chidede amene anali wofiira bwino amayamba kuda. Kasitomala amalawa thobwa n'kunena kuti likumveka ngati wanyambita msomali, ndipo mawa lake amakagula pa benchi ina. Nthawi zambiri chimene chalakwitsa chimakhala chimodzi: chitsulo chosungunuka m'chakumwacho, chomwe a zaumoyo amachitchula kuti ayironi.

Amene amawiritsa zakumwa zawo ali ndi mthandizi amene ambiri samudziwa. Yisiti, yomwe imasandutsa shuga kukhala mowa, imakokanso chitsulo n'kutsika nacho pansi pa chigubu. Koma thandizoli lili ndi malire ake, lili ndi nthawi yake, ndipo limapindula pokhapokha yisitiyo ikachotsedwa m'chakumwa. Wamalonda wodziwa zitatuzi amapulumutsa mpamba wake, komanso amateteza thanzi la anthu amene amamugula.

Kumene chitsulo chimachokera

Zipatso pazokha zimabwera ndi chitsulo chochepa. Madzi a mphesa, omwe akatswiri a vinyo awayeza kwa zaka zambiri, amakhala ndi mamiligalamu a pakati pa 2 ndi 5 pa lita imodzi. Miligalamu ndi kanthu kochepetsetsa: galamu imodzi ikagawidwa pa 1,000, gawo limodzi ndiye miligalamu. Vuto limayamba kuoneka mulingowu ukafika cha m'ma 10 pa lita, ndipo chowonjezeracho chimachokera kunja kwa chipatso.

Njira yoyamba ndi dothi. Dothi lofiira ndi lofiira chifukwa cha chitsulo, choncho mango otola pansi kapena chinanazi chosatsuka bwino chimalowetsa chitsulo m'chigubu. Njira yachiwiri ndi madzi. Mijigo ina imatulutsa madzi ooneka oyera potunga, koma akagona m'ndowa amasanduka achikasu n'kusiya utoto wofiirira pansi. Bungwe la World Health Organization limanena kuti chitsulo chikapitirira mamiligalamu 0.3 pa lita, madzi amayamba kudetsa zovala ndi mapaipi. Njira yachitatu, yomwe ndi yaikulu kuposa zonse, ndi zipangizo: mgolo wachitsulo, mpeni wadzimbiri, sefa ya waya, chitini chokalika mkati, ndi zitsekero za mabotolo zogwiritsa ntchito kachiwiri. Ngakhale chigayo chimasiya timphumphu tachitsulo mu ufa pamene zitsulo zake zikutha.

Chakumwa chowawasa ndicho chimadya chitsulo msanga. Asidi wa mu bwemba, malambe, chidede, mandimu ndi thobwa losasa amasungunula khoma la mgolo pang'onopang'ono usana ndi usiku. Mgolo umaoneka wowala mkati ngati watsukidwa, pamene dzimbiri lonse lalowa m'chakumwa.

Zimene chitsulo chimawononga

Chitsulo chosungunuka chimakhala m'mitundu iwiri. Mtundu woyamba, umene akatswiri amati ferrous, umabisala m'chakumwa osaoneka, ndipo ndi umene umachuluka pamene mpweya sukulowa. Mtundu wachiwiri, ferric, umabadwa woyambawo ukakumana ndi mpweya wa okosijeni. Uwu ndi umene uli m'dzimbiri, ndipo suchedwa kugwirana ndi zinthu zina n'kupanga timibulu. N'chifukwa chake vinyo amakhala woyera ali m'chigubu chotseka, n'kudzavunduka atathiridwa m'mabotolo, pamene katundu ali kale pamsika.

Chitsulo cha ferric chikagwirana ndi phosphate wa m'chakumwa chimapanga chifunga choyerera. Chikagwirana ndi tannin, chinthu chimene chimaumitsa m'kamwa munthu akaluma nthochi yaiwisi kapena akamwa tiyi wakuda kwambiri, chimapanga mtundu wakuda wobiriwira. Ndi zomwe zimachitika mpeni wachitsulo ukada posenda nthochi zaziwisi, ndipo inki imene anthu a ku Ulaya analembera kwa zaka mazanamazana inkapangidwa motero, posakaniza chitsulo ndi tannin. Opanga vinyo ku France matenda onsewa amawatchula kuti casse.

Chovuta china n'chakuti chitsulo chimafulumizitsa kukalamba kwa chakumwa. Mu 1894 katswiri wa ku Britain, Henry Fenton, anasonyeza kuti chitsulo chochepa chabe chimapatsa mphamvu mankhwala a hydrogen peroxide kuti aphwanye asidi wa mu mphesa. Zofananazo zimachitika m'botolo mukalowa mpweya: fungo la chipatso limatha, mtundu umasanduka wa khofi, ndipo chakumwa chimamveka ngati chagonera. Pachifukwachi mafakitale a mowa wa m'mabotolo amaonetsetsa kuti chitsulo chisafike n'komwe miligalamu imodzi pa lita.

Yisiti ndi chamoyo chimene chimafuna chitsulo

Yisiti ya m'paketi imaoneka ngati mchenga, koma ndi chamoyo cha m'banja limodzi ndi bowa. Dzina lake la sayansi ndi Saccharomyces cerevisiae. Chamoyo chilichonse ndi selo imodzi yokha, yaing'ono moti maselo a pakati pa 100 ndi 200 atandandalikidwa pamzere angakwane milimita imodzi. Mu galamu imodzi ya yisiti youma muli maselo mabiliyoni angapo, ndipo akalowa m'madzi a shuga amaswana n'kuchuluka kwambiri m'masiku oyambirira.

Monga munthu amafunira ayironi kuti magazi akhale okwanira, yisiti imafunanso chitsulo kuti ikule. Timakina ta mkati mwake topangira mphamvu, topangira mafuta a khungu lake ndi tokopera chibadwa chake poswana timadalira chitsulo. Choncho yisiti sichotsa chitsulo pofuna kukometsa malonda a munthu. Imadzitengera chakudya chake, ndipo wamalonda amangopindula nawo. Ntchitoyi imayenda m'magawo anayi.

Gawo loyamba: kumata pakhoma

Selo ya yisiti ili ndi khoma lolimba kunja kwake, lopangidwa ndi ulusi wa shuga wolukanalukana komanso mapuloteni okutidwa ndi shuga wotchedwa mannose. Pakhomali pali malo ambirimbiri okhala ndi mphamvu ya negetivu, ngati mbali imodzi ya batire, pamene chitsulo chosungunuka chili ndi mphamvu ya pozitivu. Ziwirizi zikayandikana zimakokana, ndipo chitsulo chimamata pakhoma monga mmene timisomali timamatira pa maginito. Palinso mapuloteni atatu a pakhoma, otchedwa Fit1, Fit2 ndi Fit3, amene yisiti imapanga ochuluka ikaona kuti chitsulo chikusowa, kuti azichisunga pafupi ndi khomo.

Kumata kumeneku n'kwachangu, ndipo sikufuna kuti selo ikhale yamoyo. Khoma la yisiti yakufa limagwirabe chitsulo. Koma kagwiridwe kake si kolimba kwambiri. M'chakumwa chowawasa zedi, asidi amalimbirana ndi chitsulo malo omwewo a pakhoma, ndiponso asidi wa mandimu amakumbatira chitsulo osachitaya. Ndiye kuti vinyo wa bwemba kapena wa malambe amatsala ndi chitsulo chochulukirapo kusiyana ndi chakumwa chosawawasa kwambiri, ngakhale yisiti itakhala yofanana.

Gawo lachiwiri: kulowetsa mkati

Kuseri kwa khoma kuli khungu lopyapyala limene lili ndi makomo. Pano ndi pamene yisiti yamoyo yokha imagwira ntchito. Mapuloteni otchedwa Fre1 ndi Fre2 amasandutsa chitsulo cha ferric kukhala ferrous, ndipo potero amachimasula ku zinthu zimene zinachigwira. Kenaka pali makomo awiri. Khomo loyamba limayendetsedwa ndi mapuloteni awiri ogwirizana, Fet3 ndi Ftr1. Limatha kutola chitsulo ngakhale chitachepa motani, koma limafuna mpweya wa okosijeni ndi kamkuwa pang'ono. Khomo lachiwiri, Fet4, silifuna mpweya, ndipo ndi limene limatsala likugwira ntchito chigubu chikayamba kuchita thovu, mpweya wa panja utatha.

Apa pali phunziro la nthawi. Yisiti imameza chitsulo chambiri pamene ikuswana, m'masiku oyamba a kuwira. Shuga akatha, mowa n'kukwera, maselo amasiya kuswana ndipo njala yawo ya chitsulo imatha. Chitsulo cholowa m'chakumwa pambuyo pa nthawiyi chimapeza makomo otseka.

Gawo lachitatu: nkhokwe

Chitsulo chochuluka chikangoyendayenda mkati mwa selo chimaiwononga, choncho yisiti ili ndi kathumba kotchedwa vacuole komwe ndi nkhokwe yake. Puloteni yotchedwa Ccc1 imatuta chitsulo chotsala n'kuchilowetsa m'nkhokwemo, kuti chidzagwire ntchito panthawi ya kusowa. Palinso mapuloteni ena awiri, Aft1 ndi Aft2, amene ali ngati akapitawo. Chitsulo chikachepa m'selo amalamula kuti makomo otolera awonjezedwe. Chikakwana, lamuloli limaima ndipo makomo amachepetsedwa.

Pamenepa ndi pamene pali malire. Yisiti ikakhuta siidyanso. Imatha kuchotsa gawo lalikulu la chitsulo chochepa chija chobwera ndi zipatso, moti vinyo wowira m'chiwiya chabwino amatuluka ndi chitsulo chochepa kuposa madzi a zipatso amene anayambira. Koma mgolo wadzimbiri umathira chitsulo tsiku ndi tsiku osaleka, ndipo palibe paketi ya yisiti imene ingafanane nawo liwiro.

Gawo lachinayi: kutsika pansi

Kuwira kukatha, maselo amagwiranagwirana n'kulemera, kenaka amatsika pansi ngati nsenga zotuwa, atanyamula chitsulo cha pakhoma ndi cha m'nkhokwe. Pofika apa chitsulo chachoka m'madzi koma chikadali m'chigubu. Chimatuluka pokhapokha chakumwa choyera cha pamwamba chikasamutsidwa, nsenga n'kutsala.

Kuchedwa kusamutsa kumabweza ntchito m'mbuyo. Maselo akufa akakhalitsa pansi, makamaka nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala, amayamba kudzigaya okha n'kuphulika, ndipo zina zimene anameza zimabwerera m'chakumwa, pamodzi ndi fungo la mazira owola limene nsenga zokhuthala zimatulutsa. Kugwedeza chigubu pothira m'mabotolo kumachitanso chimodzimodzi: wamalonda amagulitsa nsenga pamodzi ndi chitsulo chake.

Thobwa, masese ndi juwisi

Zakumwa zambiri za pamsika sizidutsa gawo lachinayili. Mowa wa masese umamwedwa ukuwirabe, yisiti ili momwemo. Chitsulo chimene yisiti yagwira chimapita m'mimba mwa kasitomala pamodzi ndi yisitiyo. Thobwa limasasa makamaka chifukwa cha mabakiteriya opanga asidi wonga wa mu chambiko, yisiti imakhalamo yochepa, ndipo nalonso limamwedwa lonse. Juwisi wa malambe kapena wa bwemba sawira n'komwe, choncho alibe mthandizi aliyense.

Zotsatira zake zinaoneka kalekale kummwera kwa Africa. Mu 1929 dokotala A. S. Strachan analemba za mitembo imene anaipima ku Johannesburg, yomwe yambiri inali ndi chitsulo chodzaza m'chiwindi ndi m'kapamba. Pambuyo pake Thomas Bothwell ndi anzake a pa University of the Witwatersrand anasonyeza kuti gwero lalikulu linali mowa wachikuda wofululidwa m'migolo ndi m'miphika yachitsulo. Mowa wotere unkapezeka ndi mamiligalamu 40 kapena kuposerapo pa lita. Mwamuna wamkulu amafuna mamiligalamu pafupifupi 8 patsiku kuchokera m'zakudya, koma womwa malita atatu a mowa wotere amalowetsa 120. Mu 1992 Victor Gordeuk ndi anzake anasonyeza kuti chibadwa chimathandiziranso, moti m'mabanja ena thupi limasunga chitsulo msanga kuposa m'mabanja ena.

Ena angafunse kuti, kodi ayironi si yemwe azimayi oyembekezera amalandira kuchipatala? Ndi yemweyo, koma kuchipatala amapereka pamulingo, kwa munthu amene akumusowa. Thupi lilibe njira yotayira chitsulo chochuluka. Limataya miligalamu imodzi kapena awiri patsiku basi, ndipo chotsalacho chimaunjikana m'chiwindi chaka ndi chaka. Chiwindi chimene chikulimbana kale ndi mowa chikalandiranso chitsulo chimauma msanga. Kasitomala wokhulupirika, amene amabwera tsiku lililonse, ndi amene amavulala koyamba.

Njira za m'mafakitale zosayenera kutengera

Chitsulo chikapitirira, opanga vinyo akuluakulu ali ndi njira zawo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920 ku Germany anayamba kugwiritsa ntchito mankhwala a potassium ferrocyanide, njira imene anaikhazikitsa katswiri wotchedwa Möslinger. Mankhwalawa amagwira chitsulo n'kutsika nacho ngati matope obiriwira. Koma akapyola mulingo amatha kutulutsa poizoni wa cyanide, ndipo malamulo a ku Ulaya amalola njirayi pokhapokha ikuyang'aniridwa ndi katswiri wovomerezeka. Si chinthu choyesera kuseri kwa nyumba.

Ena amathira asidi wa mandimu pang'ono, amene amakumbatira chitsulo kuti chisapange chifunga. Njirayi imabisa vuto, chitsulo chimakhala chili momwemo. Palinso makoko a yisiti yakufa, ogulitsidwa pa dzina loti yeast hulls, amene ntchito yake yeniyeni ndi kudzutsa vinyo amene waima kuwira, ngakhale kuti amagwirako zitsulo pang'ono. Chimene chinathetsa casse m'mafakitale ambiri si mankhwala ayi, koma kusintha ziwiya: kuyambira m'zaka za m'ma 1960 matanki, mapaipi ndi mapampu anayamba kukhala a chitsulo chosachita dzimbiri.

Chenjezo lapadera lipite kwa ogulitsa juwisi ndi thobwa lotsekemera. Kuthira yisiti ya mandasi m'chakumwa cha shuga pofuna kuchotsa chitsulo kumangoyambitsa kuwira. Chakumwacho chimasanduka mowa, mabotolo amatupa n'kuphulika, ndipo ana ndi anthu osamwa mowa amagulitsidwa chinthu chimene sanapemphe.

Kuyesa kosafuna ndalama

Madzi amayesedwa usiku umodzi. Wamalonda atunge madzi m'botolo loyera, asatseke, aone m'mawa. Akasanduka achikasu kapena akasiya utoto pansi, ali ndi chitsulo. Madzi otere awathire kuchokera m'ndowa ina kupita m'ndowa ina kangapo kuti alowe mpweya, awasiye tsiku lathunthu, atenge a pamwamba okha n'kuwasefa pa nsalu yoyera, kenaka awawiritse monga mwa nthawi zonse. Tiyi amathandizanso: akada bii mosazolowereka n'kuchita kafuta pamwamba, madziwo ngokayikitsa.

Vinyo amayesedwa asanathiridwe m'mabotolo. Wamalonda atenge mabotolo awiri oyera. Loyamba alidzaze mpaka kukamwa n'kutseka. Lachiwiri alithire theka, aligwedeze kwambiri kuti mpweya usakanikirane ndi vinyo, n'kuliika pamalo ozizira ndi amdima kwa masiku awiri. Lachiwirilo likavunduka kapena kuda pamene loyamba likadali loyera, chitsulo chachuluka, ndipo katundu yense adzachita zomwezo akafika kwa kasitomala. Amene akufuna kulowetsa katundu wake m'masitolo akuluakulu apite nazo ku Malawi Bureau of Standards, kumene amayeza mulingo weniweni.

Zoyenera kuchita pa bizinesi

Chakumwa chowawasa chisagone m'chitsulo. Ngati mgolo ndi wokhawo wophikira phala la thobwa kapena la mowa, ukwechedwe mpaka dzimbiri lithe, ndipo phala likapsa n'kupola lisamutsidwe lisanayambe kusasa. Losasitsira likhale chigubu cha pulasitiki chopangidwira zakudya, mbiya yadothi kapena chiwiya cha chitsulo chosachita dzimbiri. Ndowa ya malata nayonso siyenera, chifukwa asidi amasungunula zinki wokutira malatawo, yemwe amadwalitsa m'mimba. Chigubu chimene munali mafuta a galimoto kapena mankhwala a m'munda sichiyera ndi sopo.

Zipatso zitsukidwe dothi lonse lisanakhudzane ndi mpeni. Mthiko ukhale wamtengo, sefa ikhale ya nsalu kapena ya pulasitiki.

Wopanga vinyo asakanize zonse, madzi, shuga ndi zipatso, asanathire yisiti, kuti chitsulo chilichonse chimene chilipo chikumane ndi yisiti ili ndi njala. Yisiti ikhale yatsopano, ndipo tsiku loyamba chakumwa chitakasidwe bwino kuti maselo apeze mpweya woswanirana. Zikatero chigubu chitsekedwe mosiya potulukira mpweya wa kuwira. Madzi a pamjigo owonjezera kumapeto pofuna kuchulukitsa katundu amalowetsa chitsulo panthawi imene palibenso wochigwira.

Thovu likasiya ndipo nsenga zikakhazikika, vinyo asamutsidwe pasanathe sabata imodzi kapena ziwiri. Chigubu chiikidwe pamwamba dzulo lake kuti chisagwedezeke, ndipo vinyo akokedwe ndi kapaipi katsopano ka pulasitiki kosafika pansi. Patapita masabata angapo asamutsidwenso kachiwiri. Mabotolo adzazidwe mpaka m'khosi, ndi zitsekero zopanda dzimbiri.

Ambiri amaumira pa nsenga, poona ngati kusiya malita awiri pansi n'kutaya ndalama. Masamu ake ndi awa. Chigubu cha malita 20 chimatulutsa mabotolo 40 a theka la lita. Kusiya malita awiri pansi n'kutaya mabotolo anayi, n'kugulitsa 36 oyera amene angakhale pashelefu miyezi. Kukokera nsenga zonse m'mabotolo n'kuika pangozi onse 40, pamodzi ndi shuga, nkhuni, mabotolo ndi thiransipoti zimene zalowapo kale. Mtengo wa botolo ukwere kapena utsike, kusiyana kwa anayi ndi 40 sikusintha. Chimodzimodzinso chigubu chabwino chimagulidwa kamodzi, pamene mgolo wadzimbiri umadula wamalonda pa mphika uliwonse umene wafulula, ndipo makasitomala ochoka chifukwa cha kukoma kwa msomali kawirikawiri sanena chimene chawachotsa.